Kuchokera pa Pepala Kufika pa Kompyuta: Mbiri ya Zida Zosanthulira Mafunde a Ubongo wa Odwala Khunyu ndi Malo a Katswiri wa Ziyankhulo

1.0 MAWU OYAMBA

Gawo lalikulu la zimene tikudziwa lero za momwe ubongo wa munthu wamoyo umagwirira mawu lidachokera kwa anthu odwala khunyu. Mfundo imeneyi sitiitchula kawirikawiri tikamaphunzitsa. Timayamba ndi Paul Broca, amene mu 1861 ku Paris adafotokoza za munthu yemwe ankamva zonenedwa koma osatha kuyankhula. Kenaka timatchula Carl Wernicke, amene mu 1874 adafotokoza za odwala oyankhula mosadodoma koma osamvetsa zimene akuuzidwa. Ndipo timalemba madera awiriwo pa bolodi ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Umu ndi mmene ifenso tidaphunzitsidwira tili kunja. Koma umboni waukulu wa akatswiri awiriwa udachokera ku ubongo wa anthu omwalira. Anthu oyamba kuyankhula ubongo wawo uli poyera, madokotala akuuyesa, ambiri a iwo adali odwala khunyu, ndipo kufikira lero zojambulidwa zomveka bwino koposa zimachokera kwa iwowa.

Cholinga cha pepala lino ndi kulondola mbiri ya zida zosanthulira zojambulidwa zimenezi, kuyambira pa cholembera ndi pepala kufika pa mapulogalamu a pakompyuta. Sitikulemba ngati madokotala kapena mainjiniya. Chimene tifuna kuonetsa nchakuti m'zida zimenezi muli mbali ina yomwe ndi ntchito ya katswiri wa ziyankhulo, ndi kuti mbaliyo idakonzedwa poganizira ziyankhulo zowerengeka chabe. Zotsatira zake zikukhudza wodwala amene wagona pa tebulo la opaleshoni, zikukhudza maphunziro athu, ndiponso zidakhudzapo kale mfundo za chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu.

2.0 CHIFUKWA CHAKE NDI ODWALA KHUNYU

Maselo a ubongo amatumizirana uthenga ndi timagetsi tating'ono kwambiri. Munthu amagwa khunyu pamene maselo ochuluka ayamba kutulutsa magetsiwo nthawi imodzi mosalamulirika. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi a chuma chapakati. Ambiri amapeza bwino ndi mankhwala, koma pafupifupi mmodzi mwa atatu sathandizika mokwanira. Mwa oterewa alipo ena amene kugwa kwawo kumayambira pa malo amodzi a ubongo, kotero kuti malowo atachotsedwa munthu akhoza kuchira. Victor Horsley adachita opaleshoni yotere ku London mu 1886.

Dokotala wa opaleshoniyi amakhala ndi mafunso awiri. Loyamba nlakuti vuto likuyambira pati. Lachiwiri nlakuti akadula pamenepo wodwalayo ataya chiyani. Kawirikawiri gwero la matendawa limakhala m'dera la ubongo loyandikana ndi khutu, ndipo ku mbali ya kumanzere dera lomwelo ndilo lili ndi ntchito yaikulu pa kumva ndi kukumbukira mawu. Dokotala akapitirira pang'ono podula, kugwa kukhoza kutha koma munthu nkutsala wosatha kutchula dzina la chinthu chimene wagwira m'manja.

Pofuna kuyankha mafunsowa madokotala amaika tizitsulo tomvera magetsi, totchedwa maelekitirodi, pamwamba pa ubongo penipeni kapena mkati mwake, ndipo wodwala amakhala m'chipatala sabata imodzi kapena ziwiri kudikira kuti agwe makina akujambula. Masiku odikirawa ndi aatali, ndipo odwala ambiri amavomera kumvetsera ziganizo kapena kuwerenga mokweza pothandiza kafukufuku. Phindu la zojambulidwa zotere kwa ife lili pa nthawi. Makina a MRI amene amatsata kayendedwe ka magazi mu ubongo amachedwa ndi masekondi angapo, pamene phatikizo limodzi limatha m'gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ndipo chosiyanitsa *pala* ndi *phala* ndi kampweya kofupikirapo kuposa pamenepo. Elekitirodi yogona pa ubongo imatha kugwira kusintha kofulumira chomwechi.

3.0 NYENGO YA PEPALA NDI DISO

Richard Caton wa ku Liverpool adaonetsa mu 1875 kuti ubongo wa akalulu ndi anyani umatulutsa magetsi. Woyamba kujambula magetsiwa mwa munthu adali Hans Berger wa ku Jena, m'dziko la Germany, mu 1924, ngakhale kuti adadikira kufikira 1929 asadasindikize zimene adapeza. Iye adaona mafunde obwera pafupifupi kakhumi pa sekondi munthu akatsinzina ali phee. Anzake ambiri adakayika kufikira pamene Edgar Adrian ndi Bryan Matthews a ku Cambridge adatsimikiza zomwezo mu 1934. Njira imeneyi ndiyo tikuidziwa ndi dzina la EEG. Mu 1935 ku Boston, Frederic Gibbs, Hallowell Davis ndi William Lennox adaonetsa kuti mtundu wina wa khunyu, umene munthu amangoti duu kwa masekondi ochepa osagwa pansi, uli ndi chizindikiro chakechake pa pepala: nsonga yakuthwa yotsatana ndi funde lalikulu, katatu pa sekondi iliyonse. Kuyambira pamenepo EEG ndi matenda a khunyu sizidasiyanenso.

Makina a nthawi imeneyo adali ndi zolembera za inki zoyenda pa pepala lopindapinda. Pepalalo linkayenda masentimita 3 pa sekondi, ndiye kuti mamita 108 pa ola, kapena makilomita oposa awiri ndi theka pa tsiku lathunthu. Chida chosanthulira chidali diso la dokotala, wotsegula tsamba ndi tsamba kufunafuna nsonga imodzi pakati pa mizere yochita kunjenjemera chifukwa wodwala waphethira kapena watafuna. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, koma kudekha kwa munthu mmodzi kuli ndi malire.

Kufuna kuthandiza diso kudayamba msanga. Mu 1932 Dietsch, wogwira ntchito ndi Berger, adagwiritsa ntchito masamu a Fourier, amene amagawa funde losokonezeka kukhala mafunde osavuta osiyana liwiro. Mu 1943 Grey Walter wa ku Bristol adapanga makina ochita kugawa kumeneku okha. Wophunzira aliyense wa kamvekedwe ka mawu aizindikira njira imeneyi, pakuti ndi yomweyo imene akatswiri a ku Bell Laboratories adagwiritsa ntchito m'zaka zomwezo popanga makina oonetsa liwu la munthu pa pepala, amene adafotokozedwa m'buku la *Visible Speech* mu 1947. Chomwecho maphunziro awiriwa adakula ndi masamu amodzi asadadziwane.

Chinthu china cha nyengoyi choyenera kuchitchula kwa okonza mfundo za ziyankhulo ndi mgwirizano wa mu 1958, umene Herbert Jasper adafotokoza, wonena za malo oika maelekitirodi pamutu ndi maina ake, wodziwika kuti 10-20. Usadabwere mgwirizanowu chipatala chilichonse chidali ndi kachitidwe kake, ndipo pepala la kwina silinkawerengeka bwino kwina. Vuto lake ndi lofanana ndi limene malamulo a kalembedwe amathetsa.

4.0 CHIPINDA CHA OPALESHONI NGATI MALO OYESERA CHIYANKHULO

Wilder Penfield adatsegula Montreal Neurological Institute ku Canada mu 1934, ndipo Jasper adagwirizana naye kumapeto kwa zaka zomwezo. Popeza ubongo weniweniwo sumva kupweteka, Penfield ankachita opaleshoni wodwala ali maso, atangochititsidwa dzanzi pakhungu. Jasper ankajambula mafunde pa ubongo woonekerawo kufuna gwero la matenda. Penfield ankakhudza malo amodziamodzi ndi magetsi ofooka pamene wodwala ankaonetsedwa zithunzi kuti atchule maina ake. Magetsi akakhudza malo ofunika pa chiyankhulo, wodwala ankangoti zii, kapena ankayamba chiganizo nkulephera pa dzina lenilenilo, kapena ankatchula dzina lina. Pa malo alionse oyesedwa ankaikapo kapepala kokhala ndi nambala, ndipo mlembi ankalemba zimene zachitika. Tizindikire kuti chida chidali cha mbali ziwiri: magetsi ndi mndandanda wa zithunzi. Mapu otuluka adali mapu a ntchito yokhayo imene wodwala adapatsidwa.

Mu 1949 Juhn Wada wa ku Japan adafotokoza njira yogonetsa mbali imodzi ya ubongo kwa mphindi zochepa pobaya mankhwala mu mtsempha wa pakhosi, kuti aone ngati munthu apitiriza kuyankhula. Pogwiritsa ntchito njirayi, Theodore Rasmussen ndi Brenda Milner adalengeza mu 1977 kuti mwa odwala amene ubongo wawo wa kumanzere sudavulale paubwana, 96 mwa 100 a ogwiritsa dzanja lamanja, ndi 70 mwa 100 a amanzere, chiyankhulo chawo chidali ku mbali ya kumanzere.

George Ojemann wa ku Seattle adapitiriza ntchito ya Penfield. Mu 1978 iye ndi Harry Whitaker adayesa odwala awiri odziwa ziyankhulo ziwiri, wina Chidatchi ndi Chingerezi, wina Chingerezi ndi Chisipanishi. Adapeza kuti malo ena akakhudzidwa ziyankhulo zonse ziwiri zinkasokonezeka, koma malo ena chinkasokonezeka chimodzi chokha. Mu 1989 Ojemann ndi anzake adafotokoza za odwala 117, naonetsa kuti malo ofunika potchula maina ndi aang'ono, a sentimita imodzi kapena awiri, ndipo amasiyana kwambiri munthu ndi munthu. Madera awiri aja a pa bolodi sakwanira kulondolera mpeni. Mu 2004 gulu lomweli lidayesa odwala 25 a ziyankhulo ziwiri ndipo lidapezanso malo ogawana ndi malo apadera. Tanthauzo lake kwa dokotala nlachidziwikire: wodwala woyesedwa m'chiyankhulo chimodzi akhoza kutaya china chimene sichidayesedwe.

Zopezeka m'chipinda cha opaleshoni zidalowanso m'nkhani za sukulu. M'buku la *Speech and Brain-Mechanisms* la mu 1959, limene adalemba ndi Lamar Roberts, Penfield adamaliza ndi kulangiza kuti chiyankhulo chachiwiri chiziphunzitsidwa mwana asadakwane zaka khumi. Makolo a ku St. Lambert, pafupi ndi Montreal, adafunsira nzeru kwa iye ndi kwa Wallace Lambert, ndipo mu 1965 kalasi yoyamba ya ana oyankhula Chingerezi yophunzira zonse m'Chifalansa idatsegulidwa. Ganizo lakuti ubongo wa mwana umamwa chiyankhulo chachilendo mosavuta timalimvanso kwathu kuno pokambirana za chiyankhulo chophunzitsira. Tiyenera kukumbukira kumene lidachokera. Umboni wa Penfield udali kuchira kwa ana ovulala ubongo ndi zimene adaona mwa ana ake omwe; sadayese ana m'kalasi. Komanso ana a ku St. Lambert adali a chiyankhulo champhamvu, chokhala ndi mabuku kunyumba ndi ulemu m'dziko lonse. Dzina la dokotala wotchuka lidapatsa mfundoyo kulemera koposa umboni wake.

5.0 KOMPYUTA ILOWA M'CHIPATALA

M'zaka za m'ma 1950 George Dawson wa ku London adaonetsa kuti yankho laling'ono la ubongo, lobisika m'phokoso la mafunde ena, limaonekera ngati chinthu chomwecho chibwerezedwa kambirimbiri ndipo zojambulidwazo ziphatikizidwa. Ku Boston, Mary Brazier adagwira ntchito ndi mainjiniya a ku Massachusetts Institute of Technology kuyesa mafunde a ubongo ndi makina owerengera. Mu 1965 James Cooley ndi John Tukey adasindikiza njira yachidule yochitira masamu a Fourier pakompyuta, ndipo ntchito imene inkatenga nthawi yaitali idayamba kutha m'kanthawi kochepa.

Chimene chidakakamiza madokotala kulandira kompyuta chidali kuchuluka kwa zojambulidwa. M'zaka za m'ma 1970 zipatala zidayamba kujambula odwala usana ndi usiku kwa masiku angapo, pamodzi ndi kanema. Palibe diso likadatha kuwerenga zonsezo. Ku Montreal komwe kuja, injiniya Jean Gotman ndi dokotala Pierre Gloor adafotokoza mu 1976 pulogalamu yofunafuna nsonga za khunyu. Pulogalamuyo inkadula mzere uliwonse m'tizigawo, kuyeza kutalika, nthawi ndi kuthwa kwa kachigawo kalikonse, ndi kuyerekeza ndi mafunde oyandikana nako. Mu 1982 Gotman adaonjezera pulogalamu yozindikira kugwa kwenikweniko. Mapulogalamuwa ankalakwitsa kawirikawiri, kutenga kutafuna kapena kugwedezeka kwa waya ngati matenda, kotero ntchito yawo idali yosankhira dokotala masamba oti awaone. Padatulukiranso chinthu china: madokotala odziwa ntchito sankagwirizana nthawi zonse kuti nsonga ya khunyu ndi iti. Pulogalamu siyingalondole kuposa anthu amene adalemba zitsanzo zoiyesera. Aliyense amene adayesapo kugwirizana ndi mnzake za pamene liwu lina lathera ndi pamene lina layambira alidziwa vuto limeneli.

Ku Paris, Jean Talairach ndi Jean Bancaud adakonza m'zaka za m'ma 1960 njira yolowetsa maelekitirodi oonda mkati mwa ubongo pa malo oyezedwa bwino. Mapu a ubongo amene Talairach ndi Pierre Tournoux adasindikiza mu 1988 adakhala muyeso wa ofufuza ambiri kwa zaka zingapo, ngakhale kuti adachokera pa ubongo umodzi wokha, wa mayi wa zaka 60. Muyeso wotere udathandiza anthu kumvana, komabe udali munthu mmodzi woimira anthu onse.

Makina a pepala atayamba kusiyidwa, kampani iliyonse inkasunga zojambulidwa m'njira yakeyake, yosatseguka pa makina a kampani ina. Mu 1992 Bob Kemp wa ku Netherlands ndi anzake adafotokoza kasungidwe kotchedwa European Data Format, kosavuta ndi kopanda mwini, kamene kakugwirabe ntchito.

6.0 NYENGO YA MAPULOGALAMU OGAWANA

Mu 1998 Nathan Crone ndi anzake a ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore, adaonetsa mwa odwala khunyu kuti kachigawo ka ubongo kakayamba kugwira ntchito, mafunde othamanga kwambiri amakula pa malo omwewo ndi pa nthawi yomweyo. Ofufuza ambiri lero amayeza mafunde obwera pakati pa maulendo 70 ndi 150 pa sekondi. Zolembera za inki sizikadatha kuwatsata, ndipo pakhungu la kumutu amamveka movutikira. Kutulukira kumeneku kudapatsa ofufuza njira yomvetsera ubongo ukugwira ntchito, m'malo mousokoneza ndi magetsi.

Zaka zotsatira zidabweretsa mapulogalamu amene aliyense angawatenge pa intaneti, kuwerenga mkati mwake ndi kuwakonza. EEGLAB ya Arnaud Delorme ndi Scott Makeig a ku San Diego idafotokozedwa mu 2004. Idatchuka ndi njira yolekanitsa magetsi a maso ndi a minofu ku magetsi a ubongo. BCI2000 ya Gerwin Schalk ndi anzake, ya chaka chomwecho, imasanthula mafunde pomwepo wodwala akuchita ntchito. FieldTrip ya ku Nijmegen ndi Brainstorm zidafotokozedwa mu 2011, ndipo MNE-Python ya Alexandre Gramfort ndi anzake mu 2013. FreeSurfer ya ku Boston imamanga chithunzi cha ubongo wa wodwala kuchokera ku MRI, kuti elekitirodi iliyonse idziwike pamene yagona. Mu 2019 ofufuza adagwirizana za kakonzedwe ka mafailo a zojambulidwa za mkati mwa chigaza, kotchedwa iEEG-BIDS. Nkhokwe zogawana zidabweranso, monga ya chipatala cha Temple University ku Philadelphia, imene pofotokozedwa mu 2016 idali ndi zojambulidwa za odwala oposa 10,000. Nkhokwe zotere ndizo zimaphunzitsa mapulogalamu atsopano ozindikira kugwa.

Wofufuza wa chiyankhulo amatsata masitepe asanu. Poyamba amatsuka zojambulidwa, kuchotsa phokoso la magetsi a m'nyumba ndi nthawi zimene matenda adaonekera. Chachiwiri amapeza malo a maelekitirodi. Chachitatu amayeza mphamvu ya mafunde othamanga aja mphindi ndi mphindi. Chachinayi amalemba nthawi yeniyeni imene liwu lililonse, phatikizo lililonse ndi mawu alionse zidayamba ndi kutha m'zimene wodwala adamva kapena kunena. Chachisanu amalumikiza ziwirizo ndi masamu. Mapulogalamu tatchulawa amachita sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu ndi yachisanu mofanana kaya wodwala ndi wa ku Tokyo kapena wa ku Lima. Sitepe yachinayi ndi yathu. Imachitika ndi zida monga Praat, imene Paul Boersma ndi David Weenink a ku Amsterdam adayamba m'zaka za m'ma 1990, kapena Montreal Forced Aligner ya mu 2017. Ndipo chida cholumikiza chotere chimafuna mndandanda wa maliwu a chiyankhulocho, buku la katchulidwe ka mawu ake, ndi maola ambiri a mawu ojambulidwa ndi kulembedwa.

7.0 ZIMENE ZIDAPEZEKA

Mu 2014 Nima Mesgarani, Connie Cheung, Keith Johnson ndi Edward Chang adasindikiza m'magazini ya *Science* kafukufuku wa odwala khunyu 6 a ku San Francisco amene adamvetsera ziganizo 500 zonenedwa ndi anthu 400. Adapeza kuti elekitirodi imodzi siyankha liwu limodzi koma gulu la maliwu: ina maliwu ophulika monga *p*, *t*, *k*, ina osisita monga *s* ndi *f*, ina a m'mphuno, ina mavawelo. Zimenezi zikugwirizana ndi ganizo la Roman Jakobson, Gunnar Fant ndi Morris Halle la mu 1952 lakuti maliwu amasiyanitsidwa ndi tizizindikiro ting'onoting'ono tomveka m'khutu. Johnson ndi katswiri wa kamvekedwe ka mawu wa ku Berkeley. Ziganizozo zidachokera m'nkhokwe ya TIMIT, yojambulidwa m'zaka za m'ma 1980, ya anthu 630 oyankhula Chingerezi cha ku America, mmene liwu lililonse lidalembedwa ndi nthawi yake. Popanda ntchito yolemba imeneyo, yochitika zaka zambiri m'mbuyo pa cholinga china, kafukufukuyu sakadatheka monga adachitikira.

Mu 2017 Claire Tang, Liberty Hamilton ndi Chang adaonetsa kuti maelekitirodi ena amatsata kukwera ndi kutsika kwa liwu poyerekeza ndi liwu la woyankhulayo, mosasamala kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Mu 2021 gulu la Chang, pamodzi ndi madokotala a ku Shanghai, lidayerekeza oyankhula Chimandarini ndi oyankhula Chingerezi, ndipo lidapeza kuti onse amatsata kukwera kwa liwu m'njira yofanana, koma ubongo wa oyankhula Chimandarini umasiyanitsa bwino koposa magulu a kamvekedwe amene amasintha tanthauzo m'chiyankhulo chawo. Mu 2019 Gopala Anumanchipalli, Josh Chartier ndi Chang adapanga mawu omveka kuchokera ku mafunde a odwala khunyu 5 amene ankawerenga mokweza. Nzeru zimenezi zidafika kwa ena: mu 2021 munthu wosatha kuyankhula chifukwa cha sitiroko adathandizidwa kutulutsa ziganizo pa kompyuta kuchokera m'mawu 50 a Chingerezi, ndipo mu 2024 munthu yemweyo adachita zimenezi m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, chiyankhulo chake choyamba.

8.0 MALO A ZIYANKHULO ZATHU

M'kafukufuku yense tafotokozayu mulibe chiyankhulo cha Chibantu. Si kuti matendawa kulibe kuno. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Gretchen Birbeck ndi anzake adatsata ana 132 opulumuka ku malungo a mu ubongo, ndipo mu 2010 adalengeza kuti 12 mwa iwo adayamba kudwala khunyu, pamene mwa ana 264 oyerekezera padalibe ndi mmodzi yemwe. Komanso oyankhula Chichewa ali m'mizinda ya maiko ena kumene opaleshoni yotere imachitika, ndipo amene angafike pa tebulo lija adzayesedwa ndi zida zimene zilipo.

Tione zimene zida zokonzedwera Chingerezi sizingaone m'Chichewa. Choyamba, m'Chingerezi kampweya kotsatira *p*, *t* ndi *k* sikasintha tanthauzo, pamene kwa ife *pala* si *phala* ndipo *kola* si *khola*. Chachiwiri, kukwera kwa liwu. Mawu akuti *mtengo* ali ndi matanthauzo awiri osiyanitsidwa ndi liwu lokha: likakwera pa phatikizo la *te* ndi chomera, likapanda kukwera ndi wa pamsika. Chachikulu koposa, liwu limasenza nthawi ya mneni: *ndimathandiza* akhoza kunena za chizolowezi cha masiku onse kapena za zimene zinkachitika kale, malingana ndi pamene liwu lakwera. M'Chimandarini kamvekedwe kamamatira ku phatikizo lake. M'Chichewa kamasuntha potsata kapangidwe ka mneni, monga momwe Al Mtenje ndi ena adafotokozera, ndipo Mark Hanna Watkins adakalemba kale m'galamala yake ya mu 1937. Funso la momwe ubongo umatengera nthawi ya mneni kuchokera ku liwu silingayankhidwe ndi Chingerezi kapena Chimandarini. Koma malamulo a kalembedwe, kuyambira a mu 1973, salemba kamvekedwe kameneka. Kwa owerenga nyuzi palibe vuto, popeza chiganizo chimamasulira chokha. Kwa pulogalamu yolumikiza mawu ndi mafunde, aneni awiri aja ndi mawu amodzi.

Chachitatu, zithunzi. Boston Naming Test ya mu 1983, yodziwika m'zipatala zambiri, ili ndi zithunzi 60, ndipo mwa izo muli nyumba ya madzi oundana ya anthu a ku Arctic ndi zakudya zimene mwana wa ku Dowa sadaonepo. Wodwala akakhala chete pa chithunzi chotere, sitingadziwe ngati ndi magetsi kapena chilendo. Ndipo kutchula dzina lokha sikuyesa mphamvu yopanga mawu ngati *sindidzakuthandizaninso*, mmene kukana, mwininkhani, nthawi, wochitiridwa ndi ulemu zalumikizana m'mawu amodzi.

9.0 MAWU OMALIZA

Mbiri imene talondolayi ikusonyeza kuti mbali ya magetsi ndi masamu idatsika mtengo kufikira pamene mapulogalamu ake akugawidwa ulere, koma mbali ya chiyankhulo singabwerekedwe. Nkhokwe ya TIMIT idakonzedwa zaka zambiri anthu asadadziwe kuti idzathandiza madokotala a ubongo, ndipo zimene tikupempha pano sizifuna chipinda cha opaleshoni.

Tikupempha zinthu zinayi. Choyamba, nkhokwe ya ziganizo za Chichewa zonenedwa ndi amuna ndi akazi a madera osiyanasiyana, liwu lililonse litalembedwa ndi nthawi yake, kukwera kwa liwu kutasonyezedwa. Chachiwiri, mgwirizano wa akatswiri pa zizindikiro zosonyezera kamvekedwe m'ntchito za kafukufuku ndi m'mtanthauziramawu, popanda kusintha kalembedwe ka tsiku ndi tsiku. Chachitatu, mndandanda wa zithunzi ndi wa aneni, woyesedwa kaye pa anthu athanzi a misinkhu ndi maphunziro osiyana, kuti dokotala aliyense, kuno kapena kunja, athe kuugwiritsa ntchito. Chachinayi, mawu ogwirizana ofotokozera wodwala ndi abale ake zimene makina akuchita ndi kumene zojambulidwa zake zidzapite, pakuti munthu sangavomere moona chinthu chimene sadachimve. Zimene tanena za Chichewa zikukhudzanso Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi zinzake, chilichonse ndi kamvekedwe kake. Ntchito ziwiri zoyambazo zikhoza kuyamba ndi aphunzitsi ndi ophunzira a m'dipatimenti muno, pogwirizana ndi Centre for Language Studies ku Zomba. Ziwiri zinazo zifuna kuti tikhale pansi ndi madokotala ndi odwala khunyu eni ake.